George Boole, Mwana wa Wosoka Nsapato

Ambiri a ife amene tili pafupi kumaliza maphunziro athu pasukulu pano tili ndi mtima wofuna kukaphunzira za makompyuta, ndipo funso limene limveka kawirikawiri pakati pathu ndi lakuti munthu angakonzekere bwanji maphunziro otere. Ena ali ndi mantha chifukwa kwawo kulibe kompyuta, ndipo ena ataya mtima chifukwa anamva kuti kulemba mapulogalamu ndi ntchito ya anthu a mitu yapadera. Tsono anzanga, amene adzapite kumeneko sadzatha masabata ambiri asanakomane ndi liwu lakuti Boolean. Adzalipeza m'phunziro la mapulogalamu, nadzalipezanso m'phunziro la database, ndilo la kusunga zolembedwa m'kompyuta ndi kuzifunafuna. Liwu limeneli lichokera ku dzina la munthu, George Boole, amene anamwalira mu 1864 asanaone kompyuta ndi kamodzi komwe. Mbiri yake iyenera kudziwika kwa ife, pakuti iyankha funso lathu lija.

Ubwana wake

George Boole anabadwa pa 2 Novembala 1815 mumzinda wa Lincoln, m'dziko la England. Iye ndiye anali woyamba mwa ana anayi a John Boole ndi mkazi wawo Mary Ann. Atate ake anali mmisiri wosoka nsapato, koma mtima wawo sunali pa nsapato kwenikweni ayi. Iwo anakonda masamu ndi kupanga zipangizo za magalasi zoonera zinthu zakutali monga mwezi ndi nyenyezi, ndipo nthawi yambiri imene akanakhala pa ntchito ya chikopa anaitha pa zimenezi. Chifukwa cha ichi pakhomo panali posauka ndalama, koma panali polemera nzeru, pakuti mwanayo anaphunzira masamu oyamba kwa atate ake, nawathandizanso kupanga zipangizo zija.

Sukulu zimene makolo ake anakhoza kulipira zinali zazing'ono, zophunzitsa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera za malonda. Koma mnyamatayo sanakhute nazo. Munthu wina wogulitsa mabuku mumzindamo, dzina lake William Brooke, anamuyambitsa Chilatini, ndipo atagwira njira yake ya kuphunzira chilankhulo, anadziphunzitsa yekha Chigiriki, pambuyo pake Chifalansa ndi Chijeremani. Ali ndi zaka 14 anamasulira ndakatulo ya Mgiriki wakale, Meleager, kuiika m'Chingerezi, ndipo inasindikizidwa m'nyuzipepala ya mumzindamo. Mphunzitsi wina ataiwerenga anakana kwamtuwagalu kuti mwana wa msinkhu umenewo angathe ntchito yotere, ndipo panabuka mkangano m'nyuzipepalamo. Komatu ntchitoyo inali yake ndithu.

Mphunzitsi wa zaka 16

Pamene George anali ndi zaka 16, malonda a atate ake anagweratu, ndipo katundu wa banja lonse anagwera pa mutu pa mwana woyamba. Iye anali ataganizapo zodzakhala mbusa wa mpingo, koma anaona kuti makolo ake ndi abale ake atatu afuna chakudya tsiku ndi tsiku. Motero anapita ku Doncaster kukakhala mphunzitsi wothandiza pa sukulu ina, ndipo pambuyo pake anaphunzitsanso kanthawi ku Liverpool. Mu 1834, ali ndi zaka 19 zokha, anatsegula sukulu yakeyake ku Lincoln. Mu 1838 anapatsidwa kuyang'anira sukulu ya ku Waddington, mudzi wa pafupi ndi kwawo, ndipo mu 1840 anabwereranso ku Lincoln natsegula sukulu yogonera pomwepo, imene abale ake anamthandiza kuyendetsa.

Taonani tsono moyo wa mnyamata ameneyu. Usana wonse anali kuphunzitsa ana a eni, kuona za chakudya chawo ndi za kugona kwawo, ndipo nthawi imene inatsala ndiyo imene anaipereka ku maphunziro ake. M'zaka zimenezi ndi pamene anayamba masamu apamwamba. Mkazi wake anasimba pambuyo pake kuti chimodzi chimene chinamkokera ku masamu ndi umphawi womwewo: ndalama zogulira mabuku zinali zochepa, ndipo buku la masamu limatenga nthawi yaitali kuti munthu alimalize, kotero kuti ndalama yake siipita msanga. Anayamba ndi buku la Lacroix, lolembedwa m'Chifalansa, ndipo atalimaliza analowa m'mabuku ovuta a Lagrange ndi Laplace. Apa tiona phindu la zilankhulo zija anaziphunzira ali mwana, pakuti popanda Chifalansa khomo limeneli likanakhala lotseka. Analibe womfunsa, akafika pa tsamba losamveka anali kulibwereza kufikira litamveka. Iye mwini anazindikira pambuyo pake kuti zaka zambiri zinatayika chifukwa chosowa mphunzitsi waluso womlozera njira yachidule.

Chinthu china chinamthandiza. Mu 1833 ku Lincoln kunakhazikitsidwa bungwe lotchedwa Mechanics' Institute, kumene amisiri ndi anthu wamba anali kupita kukawerenga ndi kumva maphunziro ataweruka ku ntchito. Atate ake anapatsidwa kusunga nyumba ya mabuku ya bungwelo, ndipo George anapeza pamenepo mabuku amene sakanatha kugula. Munthu wina wolemera wokonda masamu, Sir Edward Bromhead, anali kumbwerekanso mabuku ake. Mu 1835 George anaimirira pamaso pa anthu a bungwelo nalankhula za moyo ndi nzeru za Isaac Newton, ndipo mawu ake anakondweretsa anthu kotero kuti anasindikizidwa.

Dzina lake limveka

Atadziwa zimene ena analemba, anayamba kupeza zakezake. Anatumiza zolemba zake ku Cambridge kwa Duncan Gregory, mkonzi wa magazini ya masamu yotchedwa Cambridge Mathematical Journal. Gregory sananyoze mphunzitsi wosadziwikayo, koma anamlangiza za kalembedwe, ndipo kuyambira mu 1840 zolemba za Boole zinayamba kutuluka m'magaziniyo. Panali maganizo akuti apite ku yunivesite ya Cambridge kukatenga digiri, koma kutero kukanafuna kuti atseke sukulu yake, ndipo makolo ake akanasowa powadyetsa. Motero anakhala, ndipo kufikira imfa yake sanakhalepo wophunzira pa yunivesite iliyonse.

Mu 1844 bungwe lalikulu la anthu a sayansi ku London, lotchedwa Royal Society, linasindikiza nkhani yake ya masamu, nilimpatsa mendulo yagolide chifukwa cha nkhaniyo. Kuyambira pamenepo akatswiri anadziwa kuti ku Lincoln kuli munthu.

Nzeru imene timkumbukira nayo

Kuyambira masiku a Aristotle, zaka zoposa 2,000 m'mbuyomo, anthu anali kuphunzira malamulo a kuganiza molongosoka, phunziro limene Angerezi alitcha logic. Koma anali kuliphunzira ndi mawu okhaokha, ndipo ambiri anayesa kuti silikhudzana ndi masamu. Boole anaona kuti maganizo a munthu, pamene asanthula zinthu ndi kuziika m'magulu, atsata malamulo amene angalembedwe ndi zizindikiro monga alijebula. Analongosola zimenezi m'kabuku kotchedwa The Mathematical Analysis of Logic mu 1847, nazikuza m'buku lake lalikulu, An Investigation of the Laws of Thought, mu 1854.

Tiyeni tiyese nzeruyi ndi ziweto za kumudzi. Tinene kuti chilembo x chiimira mbuzi zonse, ndipo y chiimira ziweto zonse zakuda. Tikalemba xy titanthauza kusankha kawiri: mwa ziweto zonse tipatule mbuzi, ndipo mwa mbuzizo tipatule zakuda. Tikayamba kupatula zakuda ndi kutsiriza ndi mbuzi tipeza gulu lomwelo, motero xy ndi yx n'chimodzi. Boole anaika nambala 1 kuimira zonse zimene tikukamba, ndi 0 kuimira kupanda kanthu. Tsono 1 − x ndi ziweto zonse zimene sizili mbuzi. Nanga tikapatula mbuzi, ndipo mwa mbuzizo tipatulenso mbuzi, tapeza chiyani? Tapeza mbuzi zomwe zija. Ndiko kunena kuti xx = x. Mwa manambala onse, awiri okha ndi amene amvera lamulo limeneli, ndiwo 0 ndi 1, pakuti 0 kuchulukitsa ndi 0 ndi 0, ndipo 1 kuchulukitsa ndi 1 ndi 1, koma 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4. Apa Boole anapeza kuti malamulo a kuganiza afanana ndi masamu a manambala awiri okha. Anaonetsanso kuti zizindikiro zomwezo zikhoza kuimira ziganizo, 1 kukhala choona ndi 0 kukhala chonama.

Anthu ena amene anadza pambuyo pake anasalaza ntchitoyi. William Stanley Jevons anakonza kagwiritsidwe ka liwu lakuti kapena, kuti likhale loona ngakhale mbali zonse ziwiri zili zoona, ndipo John Venn anajambula magulu aja ndi mizere yozungulira yolowana, imene tonse taiona m'kalasi ya masamu. Koma amene anaswa mphanje ndi Boole.

Ku Cork

Mu 1849 kunatsegulidwa koleji yatsopano mumzinda wa Cork ku Ireland, yotchedwa Queen's College, imene lero itchedwa University College Cork. Ngakhale analibe digiri, Boole anasankhidwa kukhala pulofesa woyamba wa masamu pamenepo, pakuti akatswiri ambiri anamchitira umboni. Atate ake sanaone tsikuli, popeza anamwalira mu 1848. Dziko limene Boole anafikako linali m'chisoni chachikulu, chifukwa kuyambira mu 1845 matenda anaononga mbatata zimene anthu osauka anali kudalira, ndipo njala inapha anthu pafupifupi 1,000,000.

Ku Cork anadziwana ndi Mary Everest, amene anabwera kudzacheza kwa amalume ake ophunzitsa Chigiriki pakolejipo. Mary anali mwana wa mbale wake wa Sir George Everest, amene phiri lalitali koposa onse pa dziko lapansi linatchedwa dzina lake. Anakwatirana mu 1855, ndipo anabereka ana aakazi asanu. Mu 1857 Boole analandiridwa kukhala membala wa Royal Society, ndipo mayunivesite a Dublin ndi Oxford anampatsa madigiri aulemu. Analembanso mabuku awiri ophunzitsira masamu apamwamba, lina mu 1859 ndi lina mu 1860, amene anagwira ntchito m'makoleji zaka zambiri.

Imfa yake

Tsiku lina kumapeto kwa Novembala 1864 kunagwa mvula yaikulu. Boole sanafune kuti ophunzira ake amdikire pachabe, motero anayenda pansi mtunda wa pafupifupi mamailosi atatu kuchokera kunyumba kwake ku Ballintemple kufika kukoleji, naphunzitsa zovala zili zonyowa. Anagwidwa ndi chimfine chachikulu chimene chinalowa m'mapapo, ndipo pa 8 Disembala 1864 anamwalira ali ndi zaka 49. Anaikidwa m'manda a tchalitchi cha St Michael ku Blackrock, pafupi ndi Cork. Mwana wake wotsiriza anali asanathe chaka.

Ana amasiyewo anakula movutika, koma nzeru ya pakhomo sinazime. Alicia anakhala katswiri wa masamu ngakhale nayenso sanapite ku yunivesite, Lucy anakhala pulofesa wa kemisitiri ku London, ndipo Ethel analemba buku lotchuka lotchedwa The Gadfly. Mdzukulu wa mdzukulu wake wa Boole, Geoffrey Hinton, analandira mphoto ya Nobel mu 2024 chifukwa cha ntchito yake ya kuphunzitsa makompyuta kuzindikira zinthu.

Mbewu imera mwini atapita

Kwa zaka zoposa 70 nzeru ya Boole inadziwika kwa akatswiri ochepa okha. Koma mu 1937 mnyamata wa ku America, Claude Shannon, ali ndi zaka 21, anaonetsa pa sukulu ya Massachusetts Institute of Technology kuti maswichi a magetsi amvera malamulo omwewo. Swichi ili ndi makhalidwe awiri okha, kuyatsa ndi kuzimitsa, monga 1 ndi 0. Mukalumikiza maswichi awiri motsatana pa waya mmodzi, babu liyaka pokhapokha woyamba ndi wachiwiri onse atayatsidwa. Mukawaika pa mawaya awiri oyendera limodzi, babu liyaka ngati woyamba kapena wachiwiri wayatsidwa. Kompyuta iliyonse, ndi foni yam'manja yomwe, yadzala ndi timaswichi tosaoneka ndi maso tolumikizidwa mwa njira zotere.

Mu 1970 Edgar Codd, Mngerezi wogwira ntchito ku kampani ya IBM ku America, analongosola njira ya kusunga zolembedwa m'matebulo a mizere yopingasa ndi yotsika, monga kaundula wa kalasi. Nzeru yake inatsamira pa masamu a magulu ndi malamulo a kuganiza amene akatswiri anakuza kuchokera masiku a Boole. Pa maziko amenewa panamangidwa chilankhulo cha SQL, chimene ophunzira a database aphunzira. Munthu akafunsa funso m'chilankhulochi, kompyuta iyesa mzere uliwonse wa tebulo kuona ngati chonenedwacho n'choona pa mzerewo, ndipo mawu atatu olumikizira ndiwo AND, OR ndi NOT, kunena kuti ndi, kapena, ndi kukana. M'zilankhulo za mapulogalamu monga Python ndi Java mawu a mtundu womwewu ndiwo asankha njira imene pulogalamu idzatsata.

Phunziro kwa ife

Nanga ife tikonzekere bwanji? Choyamba, tizolowere kunena zinthu molunjika, pakuti kompyuta siimva zimene tifuna koma zimene tanena. Mphunzitsi wamkulu akalamula kuti ana a Folomu 1 ndi a Folomu 2 asonkhane pabwalo, tonse timva bwino, ndipo makalasi awiri atuluka. Koma munthu akalembera kompyuta kuti impatse ana amene kalasi yawo ndi Folomu 1 AND Folomu 2, siidzampatsa ndi mmodzi yemwe, popeza palibe mwana wokhala m'makalasi awiri nthawi imodzi. Liwu loyenera pamenepo ndi OR. Chitsanzo china n'ichi: ngati olowa m'chipinda cha mayeso ndi amene analembetsa ndiponso analipira, otsala kunja si okhawo amene analephera zonse ziwiri ayi, koma aliyense amene sanalembetse kapena sanalipire. Lamulo limeneli litchedwa ndi dzina la Augustus De Morgan, bwenzi la Boole, ndipo oyamba kumene ambiri apunthwa pomwepa.

Chachiwiri, tigwiritse ntchito kope ndi pensulo. Tengani ziganizo ziwiri, mulembe njira zonse zimene zingakhalire zoona kapena zonama. Mupeza njira 4. Ziganizo zitatu zipatsa njira 8, ndipo khumi zipatsa 1,024. Lembani pa mzere uliwonse chimene AND, OR ndi NOT zidzatulutsa, kufikira mutazidziwa monga mudziwira kuchulukitsa. Yesaninso kulemba, sitepe ndi sitepe, mmene munthu angapezere malikisi apamwamba koposa pa mndandanda wa kalasi ngati aloledwa kuona dzina limodzi lokha pa nthawi. Mpatseni mnzanu atsate zimene mwalembazo osaonjezapo nzeru yake. Pamene iye adzasokonezeka ndi pamene kompyuta ikanasokonezeka. Pulogalamu ndi malangizo otere, ndipo chilankhulo chake ndi chovala chabe.

Chachitatu, yesani kukonza m'kope kaundula wa mabuku obwerekedwa pasukulu. Jambulani tebulo la ophunzira, lina la mabuku, ndi lachitatu lonena kuti ndani anatenga buku liti tsiku liti. Posachedwa mudzaona kuti mayina afanana, ndipo mudzafuna kupatsa wophunzira aliyense nambala yakeyake, ndi buku lililonse chimodzimodzi. Mudzaonanso kuti nkwabwino kulemba kalasi ya mwana pa malo amodzi okha, kuti akakwera kalasi musafufute malo makumi awiri. Ndipo mudzaona kuti danga losalembedwa kanthu silifanana ndi 0: mwana amene malikisi ake sanalembedwe sali chimodzimodzi ndi amene anapeza 0. Ozindikira zimenezi asanapite kukoleji adzapeza kuti phunziro la database si lachilendo.

Chachinayi, tisanyoze masamu a magulu ndi alijebula amene tiphunzira tsopano, ndipo tilimbikire Chingerezi, popeza mabuku ambiri a makompyuta alembedwa m'chilankhulo chimenecho, monga mabuku a Boole anali m'Chifalansa. Amene angapeze kompyuta, ngakhale ya pasukulu kwa ola limodzi pa sabata, aigwiritse ntchito ndithu, pakuti manja nawo afuna kuzolowera. Ndipo popeza ife tili ndi aphunzitsi, chinthu chimene Boole anachisowa nataya nacho zaka, tisachite manyazi kufunsa.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. George Boole analibe chuma, analibe digiri, ndipo makina amene lero ayendera malamulo ake sanawaone. Anali ndi mabuku obwereka, maola ochepa a madzulo, ndi mtima wosalola kudumpha tsamba asanalimvetse. Zimenezi n'zosafuna ndalama zambiri, ndipo aliyense wa ife akhoza kuyamba nazo tchuthi chikudzachi.